Ndalama za ku Joni zinkagula chiyani?

Abale anga, tafunsani agogo za nthawi ya Wenela. Bambo akabwerako ku migodi ya ku Joni thumba litatupa, sankawonjezera mitanda ya nsima ayi, paja mimba ili ndi malire. Ndalama zinkapita ku njinga, wailesi, suti, mabulangete ndi malata.

Khalidwe limeneli Ernst Engel, katswiri wa ziwerengero wa ku Germany, analifotokoza kale mu 1857. Atasanthula mmene mabanja a anthu apantchito ku Belgium ankagwiritsira ntchito ndalama, anapeza kuti banja losauka limathera gawo lalikulu la ndalama zake pa chakudya. Likayamba kupezako bwino, gawolo limachepa, ngakhale ndiwo zikhale zankhuli.

Mu 1974 ndege yonyamula a Wenela inagwa ku Francistown, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Ndalama zikaphwa chonchi, woyamba kulira amakhala wogulitsa njinga. Wogulitsa ufa makasitomala samuthawa.

Ndiye lero mukafuna kudziwa ngati banja likupeza bwino, musafunse malipiro okha. Funsani kuti akagula chimanga, m'thumba mumatsala zingati.