Mbuzi ya bere ndi sheya yotchuka

Mu 1994 mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Kabwe unatsekedwa, ndipo chaka chomwecho ku Lusaka kunatsegulidwa msika wa masheya, LuSE. Wa ku Kabwe amene anaona mgodiwo ukuzima sachita kuuzidwa kuti kampani yaikulu nayo imafa. Chimene chimamusokoneza ndi mawu a pamsikapo.

Sheya ndi kachigawo ka umwini wa kampani. Mwini wake amadya pawiri: dividendi, phindu limene kampani imagawira eni ake, komanso kukwera kwa mtengo wa sheyayo. Koma pali masheya amene amatchedwa okula. Kampani yake malonda akuthamanga, phindu siligawidwa kwenikweni, limabwerera mu mpamba. Wogula amagula mawa.

Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Wogulitsa mbuzi ya bere amakhala atawerengera kale mwana ali m'mimbayo. Ikaswa mmodzi, mwangopeza chimene munalipira; ikapoloza, mwalira. Pa sheya, mtengo wa berelo akatswiri amauyeza ndi P/E, kutanthauza mtengo wa sheya poyerekeza ndi phindu lake la chaka chimodzi. Mu 1972 ku America kunali masheya okondedwa otchedwa Nifty Fifty, monga Coca-Cola, Xerox ndi Polaroid. P/E ya Polaroid inali cha m'ma 90: munthu kulipiriratu phindu la zaka 90! Msika utagwa mu 1973 ndi 1974 masheyawa anagwa chagada, ndipo Polaroid inadzashota mu 2001.

Komabe kunena kuti onse anali mbola n'kunama. Katswiri wa zachuma Jeremy Siegel atawerengera zaka zoposa 25 anapeza kuti gulu lonselo linabweza pafupifupi mofanana ndi msika. Ochepa, monga Philip Morris wa fodya, ndiwo anasenza anzawo.

"Msika" pano si wa tomato ndi kapenta ayi. Ndi indekisi, dengu la masheya ambiri loyezera. Ku LuSE ndi LASI. Sheya yanu ikakwera koma dengu n'kukwera koposa, mwatsalira, ngakhale m'thumba mukulemera. Ine ndimawonjezapo muyezo wina, kukwera mitengo kwa zinthu, chifukwa kwacha ya ku Zambia inapepuka mpaka mu Januwale 2013 boma linachotsapo maziro atatu, K1,000 n'kusanduka K1.