Chipata cha pa Songwe ndi Ulendo wa Mbandakucha

Munthu wa ku Karonga amene masiku ano wagula tikiti ya ndege yopita kunja, kaya ndi wamalonda wokaoda katundu ku Dubai, kaya ndi mwana wa sukulu amene wapeza malo ku yunivesite ya kutsidya la nyanja, asanamange n'chikwama chomwe amayamba wakhala pansi ndi kuwerenga mitunda, pakuti kuchokera pa boma la Karonga kukafika ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe ndi makilomita oyandikira 600, pamene kuwoloka mtsinje wa Songwe ndi kukwera mapiri kukafika ku bwalo la ndege la ku Mbeya m'dziko la Tanzania sikukwana ndi makilomita 200 omwe. Ambiri akatero amatembenukira kumpoto, monga momwe makolo awo ankachitira. Koma njira ya kumpotoyo ili ndi chipata, ndipo chipatacho chili ndi mbiri yake, imene wapaulendo ayenera kuidziwa ngati safuna kukapeza ndege itapita.

Pachiyambi Songwe sunali malire a munthu aliyense. Angonde a tsidya lino ndi Anyakyusa a tsidya linalo ali ngati ana a bere limodzi, amamvana chilankhulo, amakwatirana, amaweta ng'ombe ndi kulima nthochi mofanana, ndipo m'masiku amene a Kyungu, mafumu a Angonde, ankakhala pa phiri la Mbande, akugulitsa minyanga ya njovu ndi kulandira nsalu kuchokera kwa amalonda a kum'mawa, munthu wofuna kukaona apongozi ake kutsidya ankangofunsa chinthu chimodzi, ndicho ngati madzi aphwa. Akakhala kuti mtsinje wadzaza, ankakhala pagombe kudikira, kapena kupempha mwini bwato kuti amuwolotse, ndipo amene adanena kuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala ankanena za mitsinje yotereyi.

Azungu a kampani ya African Lakes, imene anthu adaitcha Mandala, ndiwo adayamba kuona Karonga ngati khomo la msewu waukulu. M'chaka cha 1881 mkulu wina wachuma wa ku Glasgow, James Stevenson, adapereka mapaundi 4,000 kuti alambule msewu wolumikiza nyanja yathu ndi nyanja ya Tanganyika, ndipo ngakhale msewuwo udadziwika ndi dzina lake pa mapu a ku Ulaya, pansi pano sudathe konse, popeza James Stewart amene adauyamba adamwalira ndi malungo mu 1883, ndipo William McEwan amene adalowa m'malo mwake adamutsatira kumanda mu 1885. Komabe sitolo imene Monteith Fotheringham adatsegula pa Karonga mu 1884 idasandutsa malowo kukhala potsitsira katundu wa sitima ya pamadzi ndi ponyamukira amtengatenga opita kumapiri. Njira yomweyo ankaifunanso Mlozi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu, amalonda a akapolo amene adamanga malinga awo pafupi ndi mtsinje wa Rukuru, ndipo mkangano wa mwini njira udabala nkhondo imene idayamba mu 1887, chaka chimene Angonde ambiri adaphedwa m'mabango a dambo la Kambwe, nidzatha mu December 1895 pamene Harry Johnston wa boma la Britain adagwira Mlozi ndi kumupachika.

Mkanganowo usanathe, pa 1 July 1890, akuluakulu a Britain ndi Germany adasainirana pangano ku Berlin, nagwirizana kuti mtsinje wa Songwe ukhale malire a maiko awo. Sadafunse Kyungu, sadafunse mafumu a Anyakyusa, ndipo ndikhulupirira kuti akadafunsa ngakhale mlimi mmodzi wa m'chigwacho akadawauza kuti mtsinje umenewu sukhala pamodzi, pakuti ukafika kuchidikha umakhotakhota, ndipo chaka cha mvula yambiri umasiya khwawa lake lakale n'kudzikumbira lina, kotero kuti munda umene udalimidwa m'dziko lino ungathe kukololedwa m'dziko linalo mwini wake asanasunthe phazi. Vuto limeneli likadalipo mpaka lero, ndipo maboma awiriwa adachita kukhazikitsa bungwe loyang'anira chigwa cha Songwe, limene mwa ntchito zake muli kufuna kuumiriza mtsinjewo kuti ukhazikike.

Malirewo adayamba kulawa magazi mu 1914. Asilikali a Germany adawoloka Songwe nadzazinga boma la Karonga pa 9 September, pamene gulu lalikulu la asilikali a Britain lotsogozedwa ndi Captain Barton linali litapita kumpoto kukawafuna, ndipo magulu awiriwo atapezana tsiku lomwelo, Ajeremani adagonja nabwerera kwawo. Manda a azungu a mbali zonse ziwiri alipo pa Karonga kufikira lero, koma a asilikali akuda, amene adagwa ambiri koposa, n'ngosowa powaloza, ndipo imfa zawo ndizo zidasonkhezera John Chilembwe kulemba kalata yake yodandaula chaka chomwecho. Mu May 1916 General Northey wa Britain adawolotsa asilikali ake kulowera ku Neu Langenburg, kumene lero tikuti Tukuyu, ndipo pambuyo pa msilikali aliyense pankatsata mzere wa amtengatenga, aliyense atasenza katundu wa makilogalamu ngati 25 pa nkhata, akukwera wapansi mapiri omwewo amene lero minibasi imakwera ikufuka utsi. Amuna a dziko lino amene adagwira ntchito yowawayo adali pafupifupi 200,000, ndipo ambiri adatsala m'njira ndi kamwazi ndi njala.

Nkhondo itatha, Tanganyika idakhala m'manja mwa Angerezi omwewo, ndipo malire adafewanso. Golide atapezeka ku Lupa, kumpoto kwa Mbeya, anyamata a ku Karonga adakhamukira kumeneko m'zaka za m'ma 1930 kukafuna ndalama ya msonkho ndi ya chiwongo. Kenaka ndege idafika, ndipo idafika ndi Wenela, bungwe lolemba anthu a ku migodi ya ku Joni, limene kuyambira m'zaka za m'ma 1950 linkanyamula anthu pandege kukawatsitsa ku Francistown, kumene ankakwera sitima ya pamtunda. Ku Fort Hill, kumene lero ndi Chitipa koma nthawiyo kudali pansi pa boma la Karonga, kudali bwalo la ndege ndi msasa wa Wenela, ndipo ambiri mwa anthu oyamba a chigawo chino kukwera ndege yopita kunja sadali mabwana ovala tayi ayi, koma amuna a bulangete limodzi ndi chikalata cha mgwirizano, amene ankagona pamsasa kudikira tsiku lawo. Bwalo lomwelo ndi limene anthu okwiya ndi chitaganya adalitseka ndi miyala ndi mitengo mu February 1959, mpaka apolisi adachita kuchokera ku Tanganyika kudzalitsegula. Maulendo a Wenela adaduka mu 1974, ndege ina itagwa pa Francistown pa 4 April ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, pakuti pamenepo Dr. Banda adaletsa kulemba anthu.

Zaka zimene chipata cha kumpoto chidakhala ngati chotsekeka kwenikweni ndizo za ufulu wathu womwe, chinthu chimene chiyenera kutichititsa manyazi pang'ono. Nduna zitasemphana ndi Dr. Banda mu 1964, ena mwa iwo, monga Kanyama Chiume ndi Yatuta Chisiza, mwana wa m'boma lomwelino, adathawira ku Tanzania. Mkangano wa malire a panyanja udabuka mu 1967, chaka chomwecho chimene Malawi adapanga ubale ndi boma la tsankho la ku South Africa, limene Mwalimu Nyerere ankadana nalo kotheratu. Munthu wowoloka Songwe masiku amenewo ankayang'ana uku ndi uku, pakuti kungomveka kuti wapita kutsidya kunali kokwanira kuti afunsidwe amene wakaonana naye. Njanji ya TAZARA idafika ku Mbeya ndi kuyamba kuyenda m'zaka za m'ma 1970, pafupi pomwepa, koma ife katundu wathu pafupifupi yense ankadzera ku Beira ndi ku Nacala, ndipo msewu wabwino wolumikiza Karonga ndi Tanzania kudalibe.

Chimene nzeru za andale zidalephera, nkhondo ya ku Mozambique idachita. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitaduka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, mafuta ndi feteleza zidayamba kuzungulira mitunda yosaneneka kudzera ku Durban, ndipo boma lidakumbukira kuti nyumba ili ndi khomo lina. Malawi ndi Tanzania adakhazikitsa ubale wa akazembe mu 1985, msewu wochoka pa Karonga kudzera pa mlatho wa Songwe kukafika pa Ibanda udamangidwa ndi kuthiridwa phula, ndipo nkhokwe za Malawi Cargo Centres zidatsegulidwa ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Kuyambira pamenepo matanka a mafuta, magalimoto akale ochokera ku Japan ndi mabasi a amayi okaoda zitenje ku Kariakoo ku Dar es Salaam akhala akudutsa pamenepa tsiku ndi tsiku.

Amene adafikapo pa Songwe m'mamawa adziwa mmene pamakhalira. Mathiraki agona mondondozana m'mbali mwa msewu, madalaivala akutsuka mkamwa pambali pa matayala; anyamata osintha ndalama, mipukutu ya makwacha ndi mashilingi ili m'manja, akuthamangira aliyense wotsika m'galimoto, wina akuti bwana, wina akuti mayi, aliyense akulumbira kuti mtengo wake ndiwo wachilungamo; a kabaza akukanganirana chikwama chimodzi; amayi a m'midzi ya pafupi, mikoko ya nthochi ili pamutu, akuwoloka mlatho osayang'ana ndi ofesi yomwe, popeza kwa iwo kutsidya n'kumsika chabe. Wapaulendo wa ndege yekha ndiye amaima pamzere, pasipoti ili m'dzanja, maso ali pa wotchi, kudikira kuti adindidwe tsidya lino, ayende wapansi pamlatho, akadindidwenso pa Kasumulu.

Wotchiyo ndiyo imanyenga ambiri, pakuti pakati pa mlatho umenewu nthawi imalumpha ndi ola lathunthu: pamene ku Malawi ili 6 koloko, ku Tanzania yakwana kale 7. Ndipo popeza kwa zaka zambiri chipatachi chinkatsegulidwa 6 koloko m'mawa ndi kutsekedwa 6 koloko madzulo pa nthawi ya kwathu, munthu amene wagona pa Karonga, nalawirira tambala woyamba kuyenda makilomita 45 a pakati pa boma ndi malire, ngakhale atakhala woyamba pamzere, sankatha kuyamba ulendo wa kutsidya 8 koloko ya kumeneko isanayandikire. Kutsogolo kwake kuli makilomita oposa 100 a msewu wokwera, wodzera m'minda ya tiyi ya ku Tukuyu, kumene nkhungu imagwa ngakhale dzuwa litakwera, ndipo basi yake imaima pamudzi uliwonse kukweza ndi kutsitsa. Akafika pa Uyole ayenera kudutsa mzinda wonse wa Mbeya ndi kupitirira pa msewu wa ku Tunduma. Pano mpofunika kuchenjeza mlendo, chifukwa safunsa adadya phula: bwalo la ndege la ku Mbeya, limene lidatsegulidwa mu 2012, nalonso limatchedwa Songwe, koma dzinalo lidachokera ku mtsinje wina wothira m'nyanja ya Rukwa, ndipo amene angaganize kuti bwalolo lili pafupi ndi mlatho wathu adzadabwa atayenda maola atatu kapena anayi.

Ndege za pa bwalolo zimapita ku Dar es Salaam, ndipo kumeneko, pa bwalo la Julius Nyerere, ndiko kumanyamukira zopita ku Addis Ababa, Istanbul, Doha ndi Dubai, zina mwa izo pakati pa usiku kapena mbandakucha. Amene thumba lake silimulola kukwera ndege kawiri amakwera basi pa Mbeya kapena pa Kyela, nayenda makilomita oposa 800 kudzera ku Makambako, Iringa, zitunda za Kitonga, nkhalango ya Mikumi ndi Morogoro, ulendo wodya tsiku lathunthu. Ndipo kufikira mu 2023 mabasi a ku Tanzania sankaloledwa kuyenda usiku wonse, kotero kuti wochedwa pa chipata ankaphonya basi ya m'mawa, ndipo wophonya basi ya m'mawa ankataya tsiku.

Chifukwa chake amalonda okhwima a pa Karonga, amene ayenda njirayi mpaka kudziwa bampu iliyonse, salola kuti malire ndi ndege zigwe tsiku limodzi. Amawoloka masana dzuwa likadali pamutu, pamene mzere wachepa ndipo pali mpata wokonza cholakwika chilichonse cha pa zikalata, nasintha ndalama zochepa zokwanira basi ndi chakudya, nakagona ku Mbeya, monga momwe amtengatenga ankagonera patsinde pa phiri ndi amuna a Wenela pamsasa wa ku Fort Hill. Ena amaseka mwambo umenewu, amati nkutaya ndalama ya malo ogona pachabe, koma ine ndiyesa kuti kuthamanga sikufika, ndipo mtengo wa chipinda cha usiku umodzi ku Mbeya ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi tikiti ya ku Dubai yogulanso kachiwiri. Inu amene muli ndi ndege ya m'mawa, funsani maola a chipata sabata lomwelo la ulendo, pakuti malamulo a pamalire amasintha, ndipo mukangoponda tsidya linalo la mlatho, sunthani wotchi yanu ndi ola limodzi musanakambe mtengo ndi wa njinga yamoto.