Kinnah Phiri ndi nthano ya mphunzitsi wakunja

Flames ikangogonja, mkangano wa pabawo ku Senga Bay sutalika: timuyi ikufunika mzungu. Akuluakulu amatchula Ted Powell, Mngelezi amene anatipatsa chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979. N'zoona, koma mbiri ya mnyamata amene ankamwetsa zigoli m'timu yomweyo ikutsutsa mfundoyi.

Kinnah Phiri anabadwa mu 1954, anatchuka ku Bata Bullets, ndipo zigoli 71 zimene anamwetsera dziko lino palibe wazifika. Atasewerako ku Manzini Wanderers ya ku Swaziland, analowa uphunzitsi. Mu 2004 anafikitsa Bakili Bullets m'ndime ya magulu ya CAF Champions League, kenako anakaphunzitsa Free State Stars ku South Africa.

Flames anaitenga mu 2008, Stephen Constantine atachoka. Mu June chaka chomwecho Egypt, akatswiri a Africa panthawiyo, inagwa 1-0 pa Kamuzu Stadium ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya masewero ali pafupi kutha. Mu October 2009 Ivory Coast ya Didier Drogba inalepherana nafe 1-1 ku Blantyre. Malawi inabwerera ku Africa Cup of Nations, kumene inapita komaliza mu 1984.

Pa 11 January 2010 ku Luanda tinakumana ndi Algeria, timu imene inali itadula kale chiphaso cha World Cup. Russell Mwafulirwa anatsegula, Elvis Kafoteka anawonjezera ndi mutu, Davi Banda anatseka chigawo chachiwiri chitangoyamba. Anthu amene anangolowa m'mavidiyo kuti akaone kuti tigonja ndi zingati anatuluka akuvina 3-0. Kenako Angola inatigonjetsa 2-0, Mali 3-1, timu n'kubwerako.

Chinalakwika chinali kunyumba. Osewera aja ankakula, koma m'munsi munalibe owalowa m'malo. Mipikisano ya m'sukulu inazilala, ndipo mwana amene amathyola anzake pamchenga wa ku Salima ndi mpira wachikulunga ankafika zaka 18 asanaonepo mphunzitsi wa pepala, ngakhale boma lomweli lili ndi timu ya MAFCO mu Super League. Zotsatira zitavuta, tinachita zimene timachita nthawi zonse: mu January 2013 Kinnah anachotsedwa. Anakapitiriza ntchito ku Mbeya City ya ku Tanzania, kuno aphunzitsi akusinthana, akuda ndi oyera omwe.

Panatenga zaka 12 kuti Flames ionekenso ku Africa Cup of Nations, ku Cameroon mu January 2022. Chiphasocho chinadulidwa mu March 2021 pogonjetsa Uganda 1-0, timu ili m'manja mwa Meck Mwase. Maulendo awiri omalizawa anatipititsa ndi Amalawi anzathu. Chimene sitinapezebe ndi kudekha kowapatsa nthawi, ndi ana oti awaphunzitse.