Nyanja ya Chilwa ndi Ana a kwa Mposa

Lero tiyeni tipite m'boma la Machinga, kwa Mfumu Mposa, kumene midzi yapanikizika pakati pa mapiri a Chikala ndi madambo a nyanja ya Chilwa, kuti tikaone mmene ana akumeneko akhala akuphunzirira kusamala zachilengedwe kuyambira kale.

Chilwa ndi nyanja yosaya, ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe, kotero kuti mvula ikavuta zaka zingapo zotsatizana, nyanjayi imaphwa. David Livingstone atafika kumeneko m'chaka cha 1859 anapeza madzi ake ali amchere pang'ono. Koma eni dziko ankaidziwa kale nyanja yawo. Sukulu ya mwana inali m'bwato ndi pabwalo. Ankaphunzira kwa atate ake ndi kwa atsibweni ake kuti matemba ndi milamba zimakwera m'mitsinje kukaswana mvula ikagwa, ndi kuti madzi akachepa nsomba zimabisala m'maiwe a m'mitsinje momwemo, kudikira kuti nyanja idzadzenso.

Boma la atsamunda linabwera ndi njira ina, ya malamulo ndi malire. M'chaka cha 1924 linakhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Liwonde, yomwe mapiri a Chikala ali mbali yake. M'chaka cha 1947 kunabadwa bungwe loteteza nyama zakutchire, limene pambuyo pake linadzatchedwa Wildlife and Environmental Society of Malawi. Poyamba mwana wakumudzi analibe malo m'zimenezi. Chimene ankadziwa n'chakuti akalowa m'nkhalango ndi nkhwangwa kapena msampha, walakwira boma, koma chifukwa chake panalibe womufotokozera.

M'chaka cha 1968 Chilwa inaphwa, ndipo mabwato anatsala pamatope ouma. Nthawi imeneyo akatswiri a Yunivesite ya Malawi, motsogoleredwa ndi Margaret Kalk, anali pa ntchito yofufuza za nyanjayi. Anaona ikuphwa, anaonanso ikudzadza ndi nsomba zikubwerera kuchokera m'mitsinje, monga momwe akuluakulu ankanenera. Buku lawo linatuluka mu 1979, koma linali la m'Chingerezi cha akatswiri, losafika m'manja mwa mwana wa msodzi.

Mu 1973, kuseri kwa mapiri, m'mbali mwa mtsinje wa Shire, boma linakhazikitsa malo osungirako nyama a Liwonde. M'zaka zotsatira, magulu a ana okonda zachilengedwe anayamba kufalikira m'sukulu za m'dziko muno, ndipo magazini ya Nantchengwa inkawafikira. Apa panali vuto limene aphunzitsi a m'midzi yozungulira Liwonde ankalidziwa bwino. Masana mwana ankauzidwa kuti njovu ndi chuma cha dziko, usiku njovu yomweyo inkamaliza chimanga cha amayi ake.

Mu 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo ana oposa miliyoni imodzi anawonjezereka m'makalasi, ambiri akuphunzirira pansi pa mitengo. Chaka chotsatira, 1995, Chilwa inaphwanso. Nsomba zikasowa, banja la msodzi limayang'ana kuphiri. Mitengo imasanduka makala, mwana amasiya cholembera n'kukwera njinga ya matumba, ndipo phiri likavulidwa, dothi limakokolokera m'mitsinje ija imene nsomba zimabisalamo. Njala ya chaka chimodzi imawononga nkhalango, nyanja ndi maphunziro pamodzi.

Zimenezi zinaphunzitsa oteteza zachilengedwe kuti kuuza mwana za mitengo ndi nyama sikukwanira ngati mwanayo sakukhalitsa pasukulu. Kutsidya kwa Shire, m'boma la Balaka, limene linapatulidwa ku Machinga mu 1998, bungwe la H.E.L.P. Malawi linamanga sukulu ya Nanthomba pafupi ndi malire a Liwonde. Bungwe la Children in the Wilderness linkatenga ana a m'midzi kukagona ku Mvuu, kuti aone nyama ndi maso awo ali pamtendere. African Parks itayamba kuyang'anira Liwonde mu 2015, inamanga mpanda wamagetsi wochepetsa nkhondo ya anthu ndi njovu, n'kuyambanso kulipirira ana ena sukulu. Ku Chilwa nako, ntchito yothandiza anthu kupirira kusintha kwa nyengo, imene inayamba mu 2010 ndi thandizo la dziko la Norway, inaphunzitsa amayi kuyanika matemba m'nyumba zogwiritsa ntchito dzuwa m'malo motentha nkhuni.

Komabe nyanja ili ndi kalendala yakeyake. Mu 2018 mbali yaikulu ya Chilwa inaphwanso, ndipo mu 2023 namondwe wa Freddy anabweretsa madzi osefukira m'minda ndi m'midzi. Taonani, abale: mwana amene analowa Sitandade 1 mu 1994 anali kholo mu 2018. Zimene anaphunzira, kapena zimene anaphonya, ndizo anatenga popita kuphiri kapena kumtsinje chaka chimenecho.

Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba. Inu makolo a kwa Mposa, a ku Balaka ndi kwina konse kumene midzi yagundana ndi nkhalango, nsomba zikachuluka musachotse mwana m'kalasi kuti akakoke khoka, ndipo zikasowa musamutume kumakala. Inu aphunzitsi, itanani agogo amene anaona chaka cha 1968 adzafotokozere ana zimene anaona, akadali moyo.