Mzere Umene Boma Linalemba ku Fort Jameson

Angoni a Zwangendaba ataoloka Zambezi m'caka ca 1835, anatenga anthu m'maiko onse amene anapitamo. Pamene Mpezeni anakhazikika m'dziko la Chipata, midzi yace inadzala ndi Ansenga ndi Acewa ogwidwa pankhondo. Ana ao anakula ndi cishango m'manja nakhala Angoni, popanda wofunsa za mwazi wao.

Azungu anagonjetsa Angoni m'caka ca 1898, namanga Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero, amene anakhala likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Ena mwa alimi, amalonda ndi akulu a Boma anabala ana mwa akazi a Cingoni ndi a Cicewa. Apa Boma linathedwa nzeru, pakuti malamulo ace analekanitsa mbadwa za dziko ndi Azungu, ndipo msonkho, sukulu, munda ndi bwalo la milandu zonse zinatsata mzere umenewo. Nanga mwana wa Mzungu ndi Mngoni aime mbali iti?

Ku Northern Rhodesia anayang'ana kakhalidwe. Wokulira kumudzi kwa amace anawerengedwa mbadwa. Wokhala mwa Cizungu sanawerengedwe tero. Motero ana a mimba imodzi akadatha kulembedwa mitundu iwiri. Koma ku Nyasaland, m'caka ca 1929, woweruza Haythorne Reed anagamula kuti Suleman Abdul Karim, mwana wa Mmwenye ndi mai wa m'dzikomo, sanali mbadwa cifukwa ca atate wace. Maiko awiri oyandikana, a mfumu imodzi ya ku England, anayankha funso limodzi mosiyana. Cikadakhala cinthu ca m'mwazi, sicikadasintha pa malire.

Khungu limasiyanadi, pakuti makolo a anthu anakhala m'maiko a dzuwa losiyana. Koma m'caka ca 1950 akatswiri osonkhanitsidwa ndi UNESCO analengeza kuti anthu onse ndi a mtundu umodzi. Ngakhale wovulala mumgodi akafuna mwazi, dokotala amayang'ana gulu lace, A, B, AB kapena O, ndipo magulu anaiwa amapezeka mwa akuda ndi oyera omwe.

Mzere wa Boma unalembedwa ndi anthu, komabe unapweteka: unatsekera ana sukulu, nulekanitsa abale. Unafafanizidwa m'malamulo dziko litalandira ufulu m'caka ca 1964. Lero pa Nc'wala ku Mtenguleni, zidzukulu za ogwidwa aja zimabvina ngoma pamaso pa Mpezeni monga Angoni eni ace.