Preah Vihear

Preah Vihear ndi kachisi wakale wa Chihindu amene ali pamwamba pa mapiri a Dangrek, kumpoto kwa Cambodia, m'malire ndi Thailand. Anamangidwa polemekeza mulungu Shiva, ndipo mbali zake zambiri n'za m'nthawi ya mafumu a Khmer, Suryavarman I ndi Suryavarman II, m'zaka za m'ma 1000 ndi 1100.

Akachisi ambiri a Khmer amayang'ana kum'mawa, koma uyu anatambalala mamita pafupifupi 800 kuchokera kumpoto kulowera kummwera. Mlendo amakwera masitepe amiyala, n'kudutsa pazipata zisanu zosemedwa mwaluso, chilichonse chili pamtunda kuposa chinzake, mpaka kukafika pamalo opatulika. Kuseri kwake phiri limangoduka, phompho la mamita oposa 500, ndipo chigwa cha Cambodia chimaoneka chili yalaa pansipo. Amisiri amene anamanga kachisiyu anasankhadi malo.

Mu 1962 khoti la mayiko ku The Hague linagamula kuti kachisiyu ndi wa Cambodia. UNESCO itamuika pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2008, mkangano wamalire pakati pa Cambodia ndi Thailand unabukanso, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti nkhondo ya mu 2011 inawononga mbali ina ya kachisiyu.