HANUKKAH: PHWANDO LA KUPATULANSO KACISI

Awerengi athu adzakumbuka kuti Yohane, pa mutu 10 wa Uthenga wace, achula phwando lina la m'Yerusalemu la nyengo yozizira, limene silipezeka m'mabuku a Mose. Ayuda alicha Hanukkah, ndiko kunena kupatula; ndipo ciyambi cace ndi ici.

M'caka ca 167 Kristu asanabadwe, Antiochus Epiphanes, mfumu ya ku Syria, anafuna kuti Ayuda atsate miyambo ya Agriki. Analetsa mdulidwe ndi kusunga Sabata, natenthetsa mabuku a Cilamulo. Kacisi anampereka kwa mlungu wacilendo, Zeus, ndipo anthu anakakamizidwa kupereka nsembe za nkhumba. Ayuda ena anabvomera, ena mwa mantha, ena mwa kukonda zatsopano. Koma ambiri anasankha imfa.

M'mudzi wa Modein munali wansembe wokalamba, Mattathias, wa ana amuna asanu. Iyeyu anakana nsembe yonyansayo, napha kapitao wa mfumu, nathawira kumapiri ndi ana ace. Atamwalira, mwana wace Judas Maccabeus anatsogolera nkhondo; ndipo angakhale anali owerengeka, anapambana magulu akuru a mfumu. M'caka ca 164, tsiku la 25 la mwezi wa Kislev, zitapita zaka zitatu, anapereka nsembe pa guwa latsopano la miyala yosasema, atagumula lodetsedwalo. Anakondwera masiku 8, napangana kuti cikumbutso cicitike caka ndi caka.

Aphunzitsi a m'mbadwo zam'tsogolo analemba m'Talmud kuti m'Kacisi munapezeka nsupa imodzi yokha ya mafuta opatulika, okwanira tsiku limodzi, koma anayaka masiku 8. Motero maso a anthu anacotsedwa pa lupanga, nalozedwa kwa Mulungu.

Kufikira lero, mwezi wa Novembara kapena Disembara, banja la Ciyuda liyatsa nyali imodzi usiku woyamba, nilionjeza imodzi usiku uli wonse kufikira zikwana 8. Aziika pa zenera kapena pa khomo, kuti wopita panjira aone. Nadya zakudya zokazinga m'mafuta.

Tanthauzo lace n'losabisika. Mfumu inafuna kuti cikhulupiriro ca Ayuda cizime ngati moto wamapesi; koma ufumu wace unatha kalekale, ndipo nyalizo ziyakabe poyera m'nyumba za zidzukulu za iwo amene anakana kugwada.